Mafunso Anu: Ndinalipira kalekale, koma lenzi yanga kuli zii

FUNSO: Zikomo a Mlembi. Ine ndimakonda kujambula mbalame ndi mpira, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti ndigule lenzi yokoka zinthu zakutali. Itangotuluka yatsopano imene aliyense ankaichemerera pa YouTube, ndinaitanitsa n'kupereka theka la ndalama ngati dipoziti. Anandiuza kuti ndidikire masabata anayi. Pano yatha miyezi isanu. Ndikaimba foni amangoti katundu sanafike, ndili pamndandanda. Komatu pa intaneti ndikuona anthu akugulitsa lenzi yomweyo, yatsopano m'bokosi mwake, pamtengo woposa wa kusitolo. Kodi makampaniwa amachitira dala kubisa katundu kuti atikwezere mtengo? Nanga nditenge ndalama zanga ndikayese sitolo ina, kapena ndingogula kwa okwezawo nkhani ithe?

Wotopa ndi kudikira

YANKHO: Achimwene, pepani. Ndisanakuyankheni ndikuuzeni kaye zopusa zimene ndinachita ine, mwina muphunzirepo. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanitsa lenzi yaitali ngati yanuyo. Itatha miyezi itatu mtima unawawa, ndinakatenga dipoziti yanga n'kukaipereka kusitolo ina kumene anandilonjeza masabata awiri okha. Patangopita masiku khumi, mnzanga wina amene ndimajambula naye, yemwe anali pambuyo panga pamndandanda woyamba uja, anandiimbira foni akuseka kuti yake yafika. Inali yanga imeneyo. Kusitolo yachiwiri ndinakayambira kumchira, ndipo ndinadikiranso miyezi ina inayi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusi wake ndinali ine.

Tsono za kubisa katundu. Sindikhulupirira zimenezo, ndipo si chifukwa choti eni makampani ndi anthu achifundo. Kampani imalandira ndalama yake ikatumiza lenzi kwa ogulitsa. Ndalama yowonjezera imene okweza mtengo aja akudya siifika kufakitale ngakhale pang'ono. Chinanso, lenzi ndi imene imamanga munthu ku mtundu wa kamera. Wojambula mbalame akatopa ndi kudikira n'kugula kamera ndi lenzi za kampani ina, ameneyo wapita, ndipo mwina sabwereranso kwa zaka khumi. Mu 2022 kampani ya makamera ya Nikon inafika posiya kaye kulandira maoda a malenzi ake awiri, Z 800mm f/6.3 ndi Z 400mm f/2.8, chifukwa oitanitsa anachuluka kuposa mmene ikanathera kupanga. Canon nayo ku Japan imatulutsa pa tsamba lake mndandanda wa katundu amene akuchedwa, ndi mawu opepesa pamwamba, ndipo RF 200-800mm imene inatuluka kumapeto kwa 2023 inakhalitsa pamenepo. Wamalonda wokana ndalama ya kasitomala ndiye kuti zamuthina, sakuchita masewera.

Chimene ambiri sitichiganizira n'chakuti lenzi ndi chinthu chochedwa kupanga mwachibadwa chake. Mukaiyang'ana kutsogolo mumaona galasi limodzi, koma mkati muli ambiri. Nikon Z 180-600mm, imene anthu anaidikira kwambiri mu 2023, ili ndi magalasi 25 mkati mwake, ndipo si onse a mtundu umodzi. Galasi lotere akalisungunula saliziziritsa msanga ayi. Amatsitsa kutentha pang'onopang'ono kwa masabata, chifukwa likazizira mofulumira limatsala ndi kukanika mkati ndipo limapinda kuwala mosiyana ndi mmene analiwerengera. Likazizira alidule, alipale, alisalaze, alikute ndi timiyalo topyapyala toletsa kunyezimira, kenako aliyeze. Galasi lalikulu lakutsogolo likapezeka ndi kachilema pomaliza, ntchito yonse ija yapita m'madzi. Malenzi ena okwera mtengo ali ndi fluorite, mwala umene Canon inayamba kuulera yokha m'fakitale n'kuuika m'lenzi mu 1969. Ndati kuulera chifukwa umakula pang'onopang'ono, sungaukalipire kuti ufulumire. Opanga galasi la malenzi nawonso ndi owerengeka: Ohara ndi Hoya ku Japan, Schott ku Germany, ndi ena ochepa. Pa magalasi 25 aja likasowa limodzi lokha, enawo 24 amangokhala pashelefu kudikira mnzawo.

Ndiye pali manja a anthu. Malenzi aakulu amalumikizidwa ndi kuwongoledwa ndi amisiri, imodziimodzi, mpaka magalasi onse ayang'ane pamzere umodzi. Mmisiri wotere samuphunzitsa mwezi umodzi. Kampani singangolemba anthu mazana awiri Lolemba kuti Lachisanu malenzi achuluke.

Lenzi ya masiku ano ilinso ndi zamagetsi mkati: mota yoyendetsa fokasi (kusuntha magalasi kuti chithunzi chioneke bwino), kachipangizo koletsa kunjenjemera, ndi chip, kachipangizo kakang'ono ka magetsi kolankhula ndi kamera. Moto umene unawotcha fakitale ya AKM, kampani yopanga ma chip, ku Nobeoka m'dziko la Japan mu Okutobala 2020, pamodzi ndi kusowa kwa ma chip kumene kunagwedeza dziko lonse mu 2021, zinachedwetsa katundu wambiri, mpaka Sony inasiya kaye kulandira maoda a makamera ake ena kumapeto kwa chaka chimenecho. Mu 2011 kunali chivomezi chimene chinawononga fakitale ya malenzi ya Canon ku Utsunomiya m'dziko la Japan, kenako madzi osefukira anamiza fakitale ya Nikon ku Ayutthaya m'dziko la Thailand. Koma masoka amabwera n'kupita, pamene kudikira malenzi atsopano kukupitirirabe, ndiye chifukwa chenicheni chili pena.

Chifukwa chake ndi mantha. Malinga ndi bungwe la CIPA, limene limawerengera katundu wa makampani a makamera a ku Japan, mu 2010 anatumiza makamera pafupifupi 121 miliyoni. Mu 2023 sanafike ngakhale 8 miliyoni. Foni ya m'manja inadya pafupifupi msika wonse wa timakamera tating'ono, mafakitale ena anatsekedwa, anthu anachotsedwa ntchito. Amene anapulumuka pamenepo anapsa kale, sangamangenso fakitale yaikulu chifukwa cha chipwirikiti cha chaka chimodzi. Lenzi ya mtundu umodzi imakhala pamsika zaka khumi kapena kuposa. Chaka choyamba aliyense amaifuna nthawi imodzi, kenako malonda amayenda modekha. Choncho amayeza fakitale ndi zaka zodekhazo, ndipo ife othamangira poyamba ndi amene timalipira ndi kudikira.

Pamenepa ndiye ndimawadzudzula. Ngati akudziwa kuti ali ndi zochepa, bwanji amalengeza ndi ng'oma, n'kubwereketsa malenzi kwa anthu a pa YouTube kuti atikoke mtima, katundu asanakwane? Bwanji osanena poyera kuti kudikira kudzakhala miyezi isanu ndi umodzi? Ogulitsa ena nawo amatchula masabata anayi akudziwa kuti sakudziwa, pofuna kuti dipoziti isapite kwa mnzawo. Kubisa katundu sabisa, koma chilungamo chonse satiuza.

Ifenso ogula tili ndi mlandu wathu. Anthu ambiri amaitanitsa lenzi imodzi kumasitolo atatu kapena anayi, kuti ikafika kwina akafafanize kwinako. Mndandanda umatupa ndi mayina a anthu amene sadzagula, kampani imasokonezeka powerengera, ndipo wina ngati inu amamva kuti ali pa nambala 40 n'kutaya mtima. Ubwino wake ndi wakuti mndandanda wotupa chonchi umaphwa mwadzidzidzi. Katundu akayamba kufika, mayina amafafanizika ambirimbiri, ndipo amene anakhala chete pamalo pake amangoona foni yalira. N'zimene zinamuchitikira mnzanga uja.

Ndiye musachoke chifukwa cha mkwiyo, chokani ngati mwapeza chifukwa. Pitani kapena lembani kalata, osati foni, ndipo mufunse zinthu zoyankhika ndi manambala. Ndili pa nambala chani? Mwezi wathawu munalandira malenzi angati a mtundu umenewu? Ndikasintha maganizo, dipoziti yanga mudzabweza yonse, ndipo pakapita masiku angati? Sitolo yoona imayankha, ngakhale yankho likhale lowawa. Akati muli pa nambala 6 ndipo amalandira awiri pamwezi, werengani nokha, khalani pomwepo. Akayamba kuzungulirazungulira, osatchula nambala, osafuna kulemba za dipoziti, pamenepo tengani ndalama zanu, pakuti miyezi isanu ndi theka la mtengo m'manja mwa munthu wosayankha si nkhani ya lenzinso. Dziwaninso kuti masitolo salandira mofanana. Yaikulu imalandira zambiri koma mzere wake ndi wautali, pamene yaing'ono yovomerezeka ndi kampani mwina imalandira imodzi yokha koma odikira ndi awiri. Mukhoza kufunsa kwina osachotsa dzina lanu kumene lili. Ndipo mukaona wojambula wa nyuzipepala walandira yake inu musanalandire, musadabwe: makampani ena amaika patsogolo akatswiri olembetsedwa m'magulu awo, monga Nikon Professional Services.

Kwa okweza mtengo aja musapiteko. Kupatula kuti mukuwalimbikitsa, waranti ya makampani ambiri imatsata amene anagula poyamba ndi lisiti lake, ndipo kawirikawiri imagwira ntchito m'dera lokhalo limene lenziyo inagulitsidwa. Mota ya fokasi ikafa mwezi wachitatu mudzalipira kawiri. Munthu yekhayo amene ndingamumvetse ndi amene ali ndi ntchito yolipidwa kale imene singatheke popanda lenziyo, ndipo ngakhale iyeyo ndingamuuze kuti abwereke kwa obwereketsa zipangizo masiku a ntchitoyo.

Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu n'china. Miyezi isanu imeneyi mwajambula mbalame zingati? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Anthu ambiri akusamukira ku makamera atsopano opanda kalilole mkati, ndipo akugulitsa malenzi awo akale abwinobwino: Sigma 150-600mm, Tamron 150-600mm, Nikon 200-500mm f/5.6, Canon EF 400mm f/5.6. Ndi adaputa, kachipangizo kolumikizira lenzi yakale ku kamera yatsopano, monga FTZ kwa a Nikon kapena EF-EOS R kwa a Canon, amagwira ntchito pa makamera atsopano, ngakhale ndi bwino kuyesa kaye pa kamera yanu musanalipire. Gulani imodzi yogwiritsidwapo kale ntchito, mujambule nayo, yatsopano ikafika muigulitse. Zimene mungataye pogulitsapo n'zochepa poyerekeza ndi zimene okweza aja akufuna. Ine pa miyezi yanga inayi ija ndinajambula ndi lenzi yakale yolemera ngati mwala, yolira poyenda fokasi, ndipo chithunzi cha nkhwazi chimene chili pakhoma panga chinachokera mwa iyo.

FUNSO: A Mlembi, mwamuna wanga akuti malenzi oyamba kutuluka m'fakitale amakhala ndi zilema, ndiye kuchedwa kulandira ndi mwayi. Zoona, kapena akungonditonthoza?

Mayi wojambula maukwati

YANKHO: Mayi, bambowo akukutonthozani, koma sananame kwenikweni. Zimachitika kuti katundu woyamba apezeke ndi vuto. Mu 2023 Nikon inalengeza kuti makamera ena a Z 8 ankakana kugwira lenzi bwinobwino ndipo ena anali ndi vuto pa tizitsulo tomangapo lamba, ndipo inawakonza ulere. Mavuto a pulogalamu ya mkati, imene amaitcha firmware, amathanso akatulutsa yatsopano. Koma chilema chofala kwambiri m'malenzi sichisankha oyamba kapena omaliza: galasi limodzi kukhala lopendekeka pang'ono, mbali imodzi ya chithunzi n'kumatuluka yosaoneka bwino. Ndiye yanu ikafika, tsiku lomwelo matani nyuzipepala pakhoma, ikani kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, moyang'anana ndi khomalo, tsegulani bowo lolowetsa kuwala la lenzi mpaka pomaliza, mujambule. Pa kompyuta kulitsani ngodya zonse zinayi. Ngati zitatu zikuwerengeka bwino koma imodzi zilembo zasungunuka, bwerezani kamera mutaitembenuza chadodolido. Vutolo likatsatabe mbali yomweyo ya lenzi, ibwezeni masiku obwezera asanathe, bokosi ndi lisiti zili m'manja.