Mwapeza Land Rover yakale? Musathamangire kumasula mabawuti

Sabata yatha ndinalandira imelo yomwe ndaona kuti ndiyankhire pano, chifukwa funso lake limabwera kawirikawiri. Olembawo akuti: "Ndapeza Land Rover Series III ya 1974, yaifupi ija, yoyendera petulo. Yakhala itaima zaka 8 koma bodi yake ilibe dzimbiri n'pang'ono pomwe. Ndikufuna ndiigule, ndiiphwasule yonse, ndiimangenso ngati yatsopano. Mnzanga akuti ndisavutike nayo, ndifunefune Land Cruiser FJ40. Ndimve ziti, nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi mawu anu oti bodi ilibe dzimbiri, chifukwa pamenepo m'pamene Land Rover yapusitsira anthu ambiri.

Galimoto yoyamba ya mtunduwu inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948. Nkhondo yachiwiri inali itangotha, ndipo ku Britain chitsulo chinkagawidwa mopimira pamene aluminiyamu ankapezeka. Motero kampani ya Rover ku Solihull inapanga bodi ndi aluminiyamu wosakaniza wotchedwa Birmabright, ndipo inapitiriza choncho pa Series II ya 1958 mpaka pa Series III yomwe inapangidwa kuyambira 1971 kufika 1985. Aluminiyamu sagwira dzimbiri lofiira lija. Koma chasisi chomwe chanyamula zonsezo ndi chachitsulo, champhako mkati ngati bokosi, ndipo matope ndi madzi zikalowamo zimadya kuchokera mkati. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Choncho musanatulutse ndalama, bwereraniko ndi tochi, kahamala ndi sikuludilaiva, mutavala zovala zosadandaulitsa. Gonani chagada pansi pake ndipo mugogode chasisi kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwe, ndipo hamala imabwerera m'manja. Chowola chimangoti phu, kenako timakoko tofiira timakugwerani kumaso. Khalitsani pa mtanda wakumbuyo kwenikweni uja, pamalo onse pomwe masipuling'i akoledwa, ndi pa timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi. Mukapeza penti yakuda yokhuthala yopakidwa kumene, ikandeni ndi sikuludilaiva, chifukwa pansi pa penti yotere ndapezapo zigamba zowotcherera pamwamba pa dzimbiri. Mukatuluka pansipo, pitani pa bulkhead, khoma lija lolekanitsa injini ndi anthu okwera. Nalonso ndi lachitsulo. Chotsani mphasa zopondapo, yang'anani m'makona, m'mizati yogwira zitseko ndi kunsi kwa galasi lakutsogolo. Kumunsi kwa zitseko mukaona ufa woyera ndi penti yotupa, dziwani kuti aluminiyamu wadyana ndi chitsulo cha felemu. Zimenezo zimakonzeka. Koma chasisi ndi bulkhead zikawola zonse ziwiri, ndiye kuti mukugula ntchito ya zaka, ndipo mtengo wake uyenera kutsika molingana. Onaninso kuti nambala ya chasisi ikufanana ndi yolembedwa m'mapepala.

Za mnzanuyo, sakunama kuti FJ40 ndi galimoto yabwino. Toyota inapanga gulu la 40, momwe muli FJ40, kuyambira 1960 mpaka 1984. Injini yake ya F ndi ya masilinda 6, malita 3.9, ndipo mu 1975 kunabwera 2F ya malita 4.2. Ili ndi mphamvu kuposa injini ya malita 2.25 ya masilinda 4 yomwe ili mu yanuyo, ndipo madifu (magiya ogawira mphamvu ku matayala) ndi mashafiti ake ndi olimba. Koma imamwa petulo kwambiri, komanso bodi yake ndi yachitsulo, moti dzimbiri limaidya paliponse ndipo kuikonza kumafuna mmisiri wodziwa kuwotcherera malata. Land Rover ili ndi zofooka zake: imadontha oyilo, imasokosa, chiwongolero chake n'cholemera, ndipo mukafika makilomita 90 pa ola mumamva kuti yafika pothera. Chomwe ndimaikondera kwa munthu woyamba n'chakuti bodi yake ndi yomanga ndi mabawuti, chiwalo chilichonse chimachoka pachokha, ndipo masipeya ake ambiri akupangidwabe atsopano, kuphatikizapo chasisi chonse chokutidwa ndi zinki. Ngati yomwe mwaipezayi ili ndi chasisi chamoyo, igulireni. Iposa FJ40 yowola yomwe simunaipeze n'komwe.

Tsono apa m'pamene ndikutsutsana nanu kwambiri. Musaiphwasule.

Galimoto yanga yoyamba inali Series IIA. Ndinaimasula yonse m'masabata atatu okha, mtima uli dyokodyoko, ndikuona ngati ntchito ikuyenda. Mabawuti ndinaika m'zitini, n'kumata timapepala tolemba komwe achokera. Kenako ndalama zinayamba kubwera pang'onopang'ono, nthawi inachepa, chinyezi chinafufuta zolemba zija. Patatha zaka 4 ndinatsegula chitini china, n'kupeza mabawuti okwana dzanja lonse osadziwa kuti ndi a chitseko kapena a thanki. Ndinaigulitsa ili m'makatoni ndisanaiyendetseko ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Galimoto yoti ikuyenda imakupatsani chifukwa chodzukira m'mawa kukaigwira. Yomwazika pansi imangokukumbutsani ngongole.

Ine ndikanayamba motere. Musayike batire n'kuiliza nthawi yomweyo. Chotsani mapulagi, thirani timadontho ta oyilo m'silinda iliyonse, dikirani masiku angapo, kenako zungulitsani injini ndi sipanala pa pule yakutsogolo. Ikazungulira bwinobwino, sangalalani. Khuthulani petulo wakale chifukwa pofika pano wasanduka phula, tsukani thanki ndi kabureta, sinthani oyilo ndi fyuluta, yang'anani mapointi, tizitsulo tothandiza kutumiza moto ku mapulagi, ndi mapaipi a madzi. Injini imeneyi ndi yopirira zedi, ndipo nthawi zambiri imadzuka.

Ikalira, musapite nayo pamsewu. Mabuleki kaye. Matayala onse anayi ali ndi mabuleki a dilamu, ndipo zazifupi zambiri za zaka zimenezo zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika, mabuleki onse atha. Pa galimoto yoima zaka 8 sindiyesa n'komwe kupulumutsa malabala akale. Ndimasintha mapaipi, masilinda ndi mafuta onse. Mudziwenso ichi, chifukwa chikhoza kukuvulazani: handibuleki ya Series sigwira matayala, imagwira shafiti kuseri kwa giyabokosi. Mukakweza tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke, galimoto ikhoza kugubuduka handibuleki ili chikokere. Tsekerezani matayala ndi zipika, ndipo musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yekha.

Matayala angaoneke kuti mano akadalipo, koma werengani manambala anayi omaliza otsatira zilembo za DOT m'mbali mwake, osonyeza nthawi yomwe tayala linapangidwa. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, moti 2314 ndi sabata ya 23 ya 2014. Labala wokalamba amaphulika osachenjeza. Ku chiwongolero, pali kachipangizo kobisika mu mtanda wakutsogolo wa chasisi kotchedwa steering relay. Kamafuna oyilo, koma anthu ambiri sadziwa kuti kalipo, mpaka kamauma n'kulimbitsa chiwongolero. Kuseri kwa matayala akutsogolo kuli mipira iwiri yachitsulo yonyezimira. Ipapaseni ndi chala. Ikakhala ndi timaenje, idzang'amba malabala ndipo oyilo wa magiya wa EP90 wam'katimo adzathera pansi. Gulaninso masipanala a mainchi, ndi angapo a Whitworth, muyeso wakale wa ku Britain, chifukwa a mamilimita adzangodya mitu ya mabawuti.

Kuyendetsa kwake nakonso n'kofunika kuphunzira. Pambali pa giya wamkulu pali ndodo ya mutu wachikasu ndi ina ya mutu wofiira. Mukadina chachikasu pansi, matayala onse anayi ayamba kukoka. Mukaima n'kukokera chofiira kumbuyo, mwalowa m'magiya otsika, amphamvu koma oyenda ngati kamba. Kuti mubwerere ku matayala awiri, imani, kokerani chofiira kumbuyo n'kuchibwezeranso kutsogolo, ndipo chachikasu chidzadumpha chokha. Musaiwale kuchita zimenezi mukafika pa tala. Galimotoyi ilibe difu yapakati, choncho pokhota matayala akutsogolo amafuna kuyenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. M'matope kapena mumchenga amatererako n'kumasuka, koma pa tala mphamvu ija imapotana m'mashafiti mpaka china chithyoke. FJ40 nayonso ndi chimodzimodzi.

M'misewu ya miyala, zala zazikulu zikhale kunja kwa chiwongolero, chifukwa tayala likagunda mwala chimabwerera mwamphamvu yotha kuthyola chala. Potsika phiri lowani giya woyamba wotsika, chotsani phazi pa kilatchi ndi pa buleki, muisiye injini igwire yokha. Ulendo woyamba mtima umakana, mwendo umafuna kuponda, koma mukamva galimoto ikutsetsereka pang'onopang'ono ikung'ung'udza, mumayamba kuikhulupirira. Mukawoloka madzi akuya, pondani mabuleki pang'ono kuti aume, ndipo mukafika kunyumba onani oyilo wa m'madifu. Akaoneka ngati mkaka, madzi alowa, musinthe. Musapite kutali muli galimoto imodzi, ndipo tsatani njira zomwe zilipo kale m'malo mokumba zatsopano m'madambo ndi m'minda ya anthu.

Iyendetseni choncho chaka chathunthu, penti yake ili yosuwa momwemo, muli ndi kabuku kolembamo phokoso lililonse ndi dontho lililonse. Pakutha pa chakacho mudzadziwa ngati giya wachiwiri amatuluka yekha potsika, ngati injini ikudya oyilo, komanso ngati inuyo mumasangalaladi kukhala maola atatu pa mpando wolimba uja. Mukadzaganiza zosintha chasisi, mudzachite masipeya onse ali kale pakhomo, mukujambula chithunzi musanamasule chilichonse.

Mukapitanso kukaiona, ndijambulireni mtanda wakumbuyo, pokolera masipuling'i ndi pansi popondapo oyendetsa, mphasa zitachotsedwa. Munditumizire pa imelo yomweyi, ndidzakuuzani zomwe ndikuona musanalipire.