Filimu ndi imodzi, bwanji malikisi asiyana?

FUNSO: Aphunzitsi, ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Semesita yathayi, pa kosi ya kapangidwe ka filimu, tinali gulu la anthu asanu ndipo tinapanga filimu ya mphindi 8 yonena za mayi wogulitsa mandasi pa depoti ya mabasi. Ine ndinali wojambula mawu. Titaionetsa m'kalasi anthu anaomba m'manja, koma zotsatira zitatuluka mnzathu amene ankatsogolera anapeza 72, ine 54. Kodi uku si kukondera? Ndikadandaule?
Wophunzira wokhumudwa

YANKHO: Pepani mwana wanga. Zimapweteka ndithu, makamaka kwa munthu amene anaswera padzuwa manja ali m'mwamba atanyamula boom, ndodo yaitali yokhala ndi maikolofoni kunsonga. Koma musanalembe kalata yodandaula, kafufuzeni course outline, pepala lija anakupatsani sabata yoyamba. Kagawidwe ka malikisi kalembedwa m'menemo. M'makosi ambiri otere, filimu ya gulu imangotenga gawo limodzi. Malikisi ena amachokera pa zimene aliyense walemba payekha: buku lofotokoza momwe ntchito inayendera, ndemanga pa mafilimu amene munaonera m'kalasi, ndiponso mayeso. N'chifukwa chake anthu asanu a filimu imodzi akhoza kusiyana malikisi popanda wokonderedwa.

Tikhale kaye pa buku lija, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Mphunzitsi wanu sanali nanu ku depoti. Akamaonera filimu amaona ntchito ya gulu lonse, ndipo chimene chimamuuza zomwe inuyo munachita, ndi chifukwa chake munazichita, ndi zolemba zanu basi. Ine pochonga, wophunzira akandilembera kuti "tinajambula Loweruka, zonse zinayenda bwino," ndimasowa poika malikisi. Wina amalemba kuti mabasi anali kulira ndipo oitanira anali kukuwa, ndiye anabweretsa maikolofoni pafupi, pamwamba pa mutu wa mayiyo, pongoti isaoneke pachithunzi. Amanena kuti anajambula pa 48 kHz, mulingo wozolowereka wojambulira mawu a filimu, nasunga kukwera kwa mawu cha m'ma -12 dB pa mita ya makina ojambulira poopa kuti akafika pa 0 aphwanyika. Amanenanso kuti atamaliza anapempha anzake akhale chete mphindi imodzi kuti atenge phokoso la pamalopo, loti adzatsekere mipata polumikiza zithunzi. Ameneyo ndimadziwa kuti waphunzira. Ngakhale mphepo itamuonongera gawo lina, akafotokoza chimene chinalakwika ndi momwe akanachipewera, malikisi ndimampatsa ndi mtima wonse.

Za kuomba m'manja, anzanuwo amaombera nkhani ya mayi wa mandasi, ndipo anachita bwino. Mphunzitsi amatchera khutu ku zimene anaphunzitsa. Ndipo ntchito yanu ndi yovuta kubisa: munthu amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma akalephera kumva zimene wosewera akunena amasiya kutsatira nkhani. Kunena zoona, ine ndimaona kuti wojambula mawu amasenza katundu wolemera kuposa momwe magulu ambiri amaganizira pogawana ntchito.

Dzifunseninso ziwiri izi. Kodi munaikamo nyimbo ya woimba wina popanda chilolezo? Kuno kwathu tili ndi lamulo la Copyright la 2016 komanso bungwe la COSOMA loteteza eni nyimbo, ndipo aphunzitsi ambiri amadula malikisi pa zimenezi. Kawirikawiri mlanduwo umagwera wa mawu. Nanga zolemba zanu munapereka pa tsiku lake? Kuchedwa kumadula malikisi ngakhale ntchito ikhale yabwino chotani.

Tsono pitani kwa mphunzitsiyo mwaulemu, mupemphe akuonetseni zimene munapeza pa gawo lililonse pamodzi ndi ndemanga zake. Ndi ufulu wanu, ndipo mphunzitsi wabwino amakondwa wophunzira akabwera kudzafunsa. Musakanene kuti "mnzanga wapeza 72," chifukwa malikisi a munthu wina si umboni pa dandaulo lanu. Mukapeza kuti anaphonya powonkhetsa, kapena kuti ntchito ina imene munapereka sinachongedwe, lembani kalata kwa mkulu wa dipatimenti, muikepo umboni woti munaipereka. Onani m'buku la malamulo a ophunzira kuti madandaulo otere amalandiridwa mpaka liti, chifukwa nthawi yake imakhala yochepa zotsatira zikangotuluka.