Gasi amaipitsa mpweya, koma saposa malasha

Achimwene, mwafunsa ngati magetsi opangidwa potentha gasi amaipitsa mpweya. Inde, amaipitsa, kungoti pang'ono poyerekeza ndi a malasha. Makina amakono otentha gasi amatulutsa magalamu pafupifupi 400 a mpweya woipa wa carbon dioxide pa kilowatt-hour (yuniti ya magetsi) iliyonse, pomwe a malasha amayandikira 1,000. Choncho wina asakunamizeni kuti gasi ngwaukhondo ngati magetsi amadzi a ku Nkula kapena Tedzani.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi methane (mpweya umene ndi gawo lalikulu la gasiyu) wotuluka m'mapaipi asanatenthedwe, poti amasunga kutentha mumlengalenga kuposa carbon dioxide kambirimbiri. Pantchito yanga yokonza mapaipi ndaona kuti pobooka pang'ono sipaoneka ndi maso, mpaka titabweretsa chida choyezera.

Ngati mukufuna kuika makina a gasi pafakitale yanu, itanani injiniya wovomerezeka adzayeze mapaipi ndi utsi wake musanagule.