Phewa likuwawa, ndisiye za MSCE ndilimbikire tenisi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa zaka 17 wa ku Chilomoni, amene ali Fomu 4. Akuti anayamba tenisi ali Sitandade 6 ndipo anzake ambiri amawakwapula, koma kwa miyezi itatu tsopano phewa lakumanja limamuwawa akamaseva, kutanthauza akamamenya mpira woyambira mkono uli pamwamba pa mutu. Bambo ake amamugulira Brufen n'kumuuza kuti mwamuna salira, asajombe kubwalo ngakhale tsiku limodzi, poti tenisi ndi imene idzachotse umphawi pakhomo. Ndiye akufunsa ngati n'kwabwino kuika makope pambali kuti alimbikire masewero okha.

Makalata otere sindikuwayamba lero. Lero ndi tenisi, mawa ndi mpira wamiyendo, koma nkhani imakhala yomweyi: mwana ali ndi luso, kholo laona ndalama, thupi la mwana likudandaula ndipo palibe akulimvera.

Ndiyambe ndi inu bambo. Brufen sachiza phewa, amangotseka pakamwa ululu umene ukukuchenjezani. Poseva, mphamvu yoposa theka imachokera kumiyendo, m'chiuno ndi m'thunthu, mkono umangoimalizitsa. Mwana akatopa, miyendo imasiya kukankha, ndiye katundu yense amagwera phewa. Mmenemo muli timinofu tinayi, rotator cuff, timene timagwira fupa la mkono kuti lisachoke m'malo mwake, komanso timagwira mabuleki mkono ukamaliza kumenya mpira. Timinofu timeneti timachira tikapuma. Inu mwaletsa kupuma, kenako mwapereka mankhwala kuti mwana asamve pamene tikung'ambika. Zimenezi zithe lero.

Tsopano iwe mwana wanga, undimvetse bwino. Ku Wimbledon, mpikisano waukulu wa tenisi wa ku England, sukafika, ndipo ndi bwino uzimve kwa ine kusiyana n'kudzazizindikira uli ndi zaka 25 ulibe satifiketi. Ons Jabeur wa ku Tunisia, amene anafika mu fainolo ya Wimbledon mu 2022 ndi 2023, anagwira raketi ali ndi zaka zitatu. Pa msinkhu wakowu anzako akunja amakhala akuzungulira m'mipikisano ya maiko, ali ndi kochi wawo ndi wamafizo wawo, ndipo ambiri mwa iwo ndalama zimene amapambana zimangothera matikiti a ndege ndi malo ogona. Ngakhale ofika pamwamba thupi limawakanika. Juan Martín del Potro wa ku Argentina anatenga US Open, mpikisano waukulu wa ku America, mu 2009 ali ndi zaka 20, koma maopaleshoni a pamfundo ya dzanja anamudyera zaka zambiri. Ndipo Kevin Anderson wa ku South Africa, amene anafika mu fainolo ya US Open mu 2017, anadzera kaye ku yunivesite ya Illinois. Iwe ukufuna kuthawa sukulu kuti upite kuti?

Chimene chandigwira mtima m'kalata yako ndi china. Walemba kuti ululu umabwera mkono ukafika pamwamba, osati pomenya mpira wam'munsi, ndipo umakula usiku ukagonera mbali imeneyo. Mwana woona thupi lake mwatcheru chonchi, ine ndimamuona ali wamafizo. Maphunziro a mafizo, physiotherapy, ali konkuno ku Blantyre, ku yunivesite ya KUHeS, imene kale tinkaitcha College of Medicine. Kumeneko ukaphunzira chifukwa chake mtsempha wakunja kwa chigongono umatupa munthu akamamenya backhand, mpira womenyera kuseri kwa dzanja, ndi dzanja lopindika, vuto limene limagwiranso akalipentala ndi ena ogwira zida tsiku lonse. Ukaphunzira kulimbitsa minofu ya kuseri kwa phewa ndi kalabala kokoka, kuonjezera mapulakatisi pang'onopang'ono m'malo molumpha, ndi kudziwa nthawi imene wovulala angabwerere m'bwalo. Ofuna thandizo lako sadzakhala a tenisi okha ayi. Pita ku Gulupu kapena ku Kachere ukaone anthu a sitiroko ndi ovulala pa njinga zamoto za kabaza amene akuphunzira kuyendanso. Matimu a mpira wamiyendo ndi wamanja nawonso amafuna munthu wodziwa bondo ndi kakolo.

Ngati mtima wako uli pa kuphunzitsa osewera, ku MUST ku Thyolo kuli digiri ya sports science. Ndi njira yabwino, koma ine ndikanakonda uyambe wayesa mafizo, chifukwa kuchipatala odwala sasowa.

Usaganize kuti khomo la maphunziro a mafizo n'lotseguka. Makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi ndi poyambira chabe. Posankha a NCHE, bungwe losankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, amene amapikisana nawe amakhala ndi mapointi otsika, ndiye Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu uzikhoze bwino ndithu. Mmene wakhala ukuthera madzulo onse kubwalo, ndikukayika ngati uli pamenepo. Komabe munthu wodzuka m'mawa zaka zonsezi kukathamanga yekha si waulesi, ndipo khama lomwelo lingakufikitse ukalitembenuzira m'kalasi.

Sabata ino usaseve ngakhale kamodzi. Bambo akuperekeze ku Gulupu kuti a mafizo akalione phewalo, ndipo akakuloleza kubwerera kubwalo, ukasewere masiku ochepa pa sabata, ena upume. Madzulo amene apulumukewo utsegule buku la Bayoloje pa mutu wa mafupa ndi minofu, uyambire paphewa pomwepo.