Achemwali, za mabwinja a Aroma zija

Achemwali, mwaswera bwanji uko? Uthenga wanu ndauona. Mwati alamu akapuma pantchito mukufuna mupite nawo kukaona mabwinja a Aroma, muli ndi sabata imodzi yokha, ndipo simukudziwa kuti musankhe kuti pakati pa Italy, Turkey ndi Tunisia. Ndati ndiyankhe ndi mawu, mumvetsere limodzi ndi alamuwo.

Ine ndikuti pitani ku Italy. Sikuti kwinako kulibe choona ayi. Ku Tunisia kuli bwalo la El Jem, lomwe munkalowa anthu pafupifupi 35,000, ndipo lili ku Africa kwathu komwe. Ku Turkey kuli Ephesus, Efeso uja, ndipo bwalo limene anthu anachitiramo chipolowe chifukwa cha ulaliki wa Paulo likadalipo, munthu umakhala pamipando yake yamiyala. Koma sabata imodzi ndi yaifupi, achemwali, ingathere pamsewu. Ku Italy malo ali moyandikana. Sitima yothamanga yochoka ku Roma imafika ku Naples mu ola limodzi ndi mphindi zochepa. Ndiye mugone ku Roma masiku anayi, otsalawo ku Naples, basi. Zoti Venice, zoti Milan, zisiyeni kaye.

Ku Roma aliyense amayamba ndi Colosseum, bwalo lalikulu la masewera la Aroma, inunso muyambire pomwepo. Inatsegulidwa mu 80 AD, nthawi ya mfumu Titus, ndipo munkalowa anthu pafupifupi 50,000. Tikiti yake muguliretu pa intaneti, pa webusaiti yawo yeniyeni, osati kwa anyamata okuitanirani panja, ndipo dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti. Tikiti yomweyo imakulowetsaninso ku Forum, pamene panali pakati pa mzinda wakale, ndi ku phiri la Palatine. Tsono apa mvetserani. Mukamalowa mu Forum kuchokera ku Colosseum pali chipata chamiyala, Arch of Titus. Ambiri amangojambula kunja n'kudutsa. Inu muime, muyang'ane khoma la mkati mwake. Anagobapo asilikali atasenza choikapo nyale cha nthambi 7, chimene analanda m'kachisi wa ku Yerusalemu atamugwetsa mu 70 AD. Alamu, mmene amakondera Baibulo muja, pamenepo mudzachita kuwakoka.

Pantheon, yomwe kale inali kachisi wa Aroma, nayonso musaiphonye. Denga lake ndi lozungulira, la konkire, mamita 43 m'mimba mwake, lomangidwa nthawi ya mfumu Hadrian, ndipo mpaka lero silinagwe. Pakati pake pali bowo, mvula ikagwa imalowa ndithu. Pano ndi tchalitchi, ndiye muvale modzilemekeza.

Komatu chimene ndikukukakamizirani Italy kwenikweni ndi Pompeii. Ku Roma mumaona za mafumu. Ku Pompeii mumaona mmene munthu wamba ankakhalira. Phiri la Vesuvius linaphulika mu 79 AD, phulusa n'kukwirira tauni yonse, ndipo phulusa lomwelo ndi limene linaisunga. Mumayenda mumsewu wamiyala, pansi pali mikwasa imene magudumu a ngolo anadya pamwala. Pakati pa msewu anaika miyala ikuluikulu yopondapo kuti munthu awoloke osaponda madzi oipa, ndipo anasiya mipata yoti magudumu azidutsa. M'mphepete muli timashopu ta zakudya, tebulo lomangidwa ndi miyala lokhala ndi mabowo momwe munkakhala mitsuko, anthu n'kumagula n'kudyera pomwepo ngati pa chiimirire paja. Kuli malo ophikira buledi, mphero zake zili chiimire, uvuni uli pambali. Pamakoma analembapo mayina a anthu opikisana pachisankho, utoto wofiira ukuonekabe.

Ndiye pali anthu aja. Matupi awo ataola m'phulusa munatsala mphako, ndipo mu 1863 katswiri wina, Giuseppe Fiorelli, anayamba kuthiramo pulasitala. Chimene chinatuluka ndi maonekedwe a munthu mmene anafera, wina atadziphimba kumaso, wina atagona chafufumimba, ana alinso pomwepo. Ine zinandikhudza kwambiri, ndipo ndikukuuziranitu kuti musadzadzidzimuke.

Nkhawa yanga ndi bondo la alamu lija. Pompeii ndi yaikulu, miyala yake ndi yokwera yotsika, mthunzi ndi wochepa. Mukaona kuti sangakwanitse, kopita kwina ndi ku Herculaneum, tauni inanso imene inakwiririka Vesuvius ataphulika. Sitima yake ndi yomweyo, Circumvesuviana, mumatsikira pa Ercolano Scavi musanafike Pompei Scavi. Ndi kochepa, maola awiri kapena atatu mwamaliza, koma zinthu zinasungika bwino kuposa ku Pompeii. Nyumba zina zili ndi chipinda cham'mwamba, ndipo matabwa, zitseko, ngakhale mabedi, alipo ndithu, atangosanduka makala. Kumunsi, kumene kale kunali gombe, anapezako mafupa a anthu pafupifupi 300 amene anathawira m'zipinda za m'mphepete mwa nyanja. Mphamvu zikalola, chitani Herculaneum tsiku lina, Pompeii tsiku lina m'mamawa, osaphatikiza tsiku limodzi.

Ee, ndisanaiwale. Pafupi ndi Naples pali tauni yotchedwa Pozzuoli, kale inkatchedwa Puteoli. Ndi pamene Paulo anatsikira m'chombo popita ku Roma, zili mu Machitidwe 28, ndipo anakhalapo ndi abale masiku 7. Kulinso bwalo la Aroma limene zipinda zake zapansi zinasungika bwino kwambiri, komanso sikudzaza anthu.

Za nyengo, July ndi August ayi ndithu. Kumatentha koopsa, miyala ija imachita kubweza moto, anthu ali piringupiringu. Sankhani April, May kapena October. Mudzamvanso zoti Lamlungu loyamba la mwezi malo aboma amalowa ulere. N'zoona, koma mzere wake alamu sangaupirire, bola kulipira. Mutenge nsapato zoti mwaziyendera kale, chipewa ndi botolo la madzi. Ku Roma mipopi ya m'misewu madzi ake ndi akumwa, mumangotunga. Chikwama chizikhala kutsogolo mukakwera sitima, opisa m'matumba aliko.

Chachikulu choti muyambe msanga ndi viza ya Schengen, yolowera ku Italy. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndipo amafuna inshuwalansi ya zaumoyo yokwana mayuro 30,000, malo ogona, ndi masitetimenti a kubanki. Musadikire mwezi womaliza chonde.

Mundiuze mwezi umene alamu akusiya ntchito ndi ndalama zimene mwakonza, ndiyambe kukuyang'anirani kogona pafupi ndi siteshoni ya Termini kuti masutikesi asakuvuteni. Mufunsenso adokotala za bondolo musanagule matikiti a ndege. Ana muwapatse moni.