Sitima ya alendo ku Mzuzu? Yambani mwawerenga magalimoto

Mayi ena a ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, amene ali mu komiti ya chitukuko m'dera lawo, atilembera imelo. Akuti akufuna kukapereka maganizo ku khonsolo pa zinthu zitatu: paki pakati pa tawuni, malo oimikapo magalimoto, ndi sitima yapamtunda yachikale yokopa alendo ngati zimene amaona kunja. Ayambe ndi chiti?

Mayi, za sitimazo tithane nazo kaye. Ku Mzuzu njanji sinafikeko. Inafika ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, n'kupitirira ku Mchinji, koma kumpoto sinaloze. Mizinda yakunja yoyendetsa sitima zakale inapeza njanji, siteshoni ndi mainjini zilipo kale, iwo n'kungokonza. Kuno mungayambire pa kugula malo, kulipira chipukuta misozi ndi kumanga milatho. Mtunda nawo ukukana: Mzuzu ili pamwamba mamita oposa 1,200, nyanja ku Nkhata Bay sifika 500, pamene sitima wamba imapuma movutikira ikamakwera mamita oposa 2 pa mamita 100 alionse. Sitima yachikale yomwe muli nayo ndi yapamadzi. Ilala yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951, ndipo imaima ku Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 50 pamsewu wa M5. Mlendo wotsika Ilala, kapena wopita ku Livingstonia ndi ku Nyika, amadutsa kale m'tawuni muno. Mupatseni chomuimitsa: zikwangwani zofotokoza kuti tawuniyi inayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung (ya njere zopangira mafuta) mu 1947 n'kukhala mzinda mu 1985, njira yoyenda pansi yomufikitsa ku miyuziyamu ndi kumsika, ndi pomwera khofi wa kuno. Zimenezi mtengo wake sufika ngakhale pa kilomita imodzi ya njanji.

Choyamba chenicheni ndi poimika magalimoto, ndipo musayambe ndi kupempha malo atsopano. Werengani. Pezani achinyamata 6, aliyense atenge mbali imodzi ya msewu, monga mu Orton Chirwa, kuzungulira msika waukulu ndi kudepoti. Pa mphindi 30 zilizonse, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 madzulo, azilemba manambala a magalimoto amene aima. Muchite Lachiwiri wamba, Loweruka, ndi tsiku lina lakumapeto a mwezi anthu atalandira. Nambala ikapezeka maulendo 14 papepala limodzi, galimotoyo yatandala pamenepo maola 7. Kawirikawiri ndi ya mwini shopu kapena wogwira ntchito muofesi, ndipo yatsekereza ogula angapo amene akanaima mphindi zochepa n'kumapita. Mankhwala ake si konkire. Ikani malire a maola 2 kutsogolo kwa mashopu, otandala tsiku lonse muwalozere misewu yakumbuyo. Akatswiri amafuna kuti pa malo 100 alionse, pafupifupi 85 akhale odzaza, 15 opanda kanthu. Zikaposa apo madalaivala amangozungulira, n'kuonjezera mdipiti.

Miyeso yake nayi. Galimoto imodzi imafuna mamita 2.5 m'lifupi ndi 5 m'litali. Yoima motsata msewu ipatseni mamita 6. Pabwalo loimikapo, kanjira kapakati kakhale mamita 6, apo ayi wotuluka chafutambuyo agunda mnzake. Mukaphatikiza zonse, galimoto imodzi imadya masikweya mita 25 mpaka 30, ndiye bwalo la mamita 50 mbali zonse limalowa magalimoto 80 mpaka 100 basi. Anthu ambiri amadabwa apa.

Cholakwika chofala n'kujambulira magalimoto okha mizere. Ochuluka olowa m'tawuni amabwera pa minibasi, pa njinga zamoto, pa sakaramento (njinga zakapalasa za akabaza) kapena wapansi. Pamalo a galimoto imodzi pamakwana njinga zakapalasa 8 mpaka 10. Akabaza mukapanda kuwapatsa siteji yodziwika pafupi ndi pomwe pali makasitomala, adzaima pakona, pamene dalaivala saona bwino. Malole otsitsa katundu apatseni nthawi yawoyawo, m'mamawa isanakwane 8. Za ndalama zolipira poimika galimoto, lisiti likhale ndi nambala, mtengo ulembedwe pachikwangwani, ndipo ngati n'kotheka azilipira pafoni. Ndalama yoyenda pamanja popanda pepala aliyense akudziwa kumene imathera.

Paki ibwere kachiwiri, ndipo ikhale imodzi, yaing'ono. Theka la hekitala pamene anthu amadutsa tsiku lililonse likuposa mahekitala 5 kuseri kwa tawuni. Mdani wake wamkulu kuno ndi madzi. Mvula ya ku Mzuzu imakakamira mpaka Epulo ndi Meyi, kwina itasiya kale, choncho ngalande zikumbidwe mtengo usanabzalidwe ndi umodzi womwe. Tinjira tipendekeke pang'ono, masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti madzi asadikhe, ndipo mutiyale pamene mapazi apanga kale njira. Mukakhotetsa mwaluso, anthu adzadulira pa kapinga. Dzenje la mtengo likhale masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa, kubzala mu Disembala kapena Januwale, ndi mpanda kwa zaka 2. Mbawa ndi yabwino pamthunzi ngati malo alipo otakasuka. Bulugamu ndi malaina zitalikire ngalande ndi mapaipi, mizu yake imaswa konkire.

Chimapha mapaki ndi chaka chachiwiri, riboni itadulidwa kale. Chimbudzi chimatsekedwa chifukwa cha bilu ya madzi, mabenchi achitsulo amakapezeka kwa ogula zitsulo, magetsi akazima anthu amayamba kuopa. Ndiye papepala lanu mulembe ndalama za mwezi uliwonse: otchetcha, mlonda, wosamala chimbudzi, wochotsa zinyalala. Mabenchi akhale a konkire, nyali za sola zikwezedwe pamwamba. Pemphani kuti gawo la ndalama zoimikira magalimoto lilembedwe mu bajeti ya khonsolo kuti ndi la paki, ndipo onaninso ku ofesi ya mapulani kuti malowo alembedwe ngati bwalo la anthu onse, pansi pa lamulo la mapulani la 2016, kuti mawa asasanduke puloti.

Popita kwa akhansala anu, tengani mapepala a manambala aja a masiku atatu, mapu a misewu yomwe mwawerenga, ndi tsamba limodzi la mtengo wosamalira pakiyo.