Chuku m'nyumba ndi m'masaka: mayankho kwa alimi anzanga kuno kum'mawa

Chikololereni mafunso akubwera ambiri, pa foni komanso pa misonkhano ya makopaletivu, ndipo ambiri akuzungulira pa chuku, ena mumati nkhungu. Ndasankhapo ochepa amene akukhudza aliyense.

Amayi ena a ku Chiparamba afunsa kuti: "Alangizi, masaka a chimanga timasunga kuchipinda chogona kuopa akuba, lomba chipinda chikununkha chinyontho, khoma kuseri kwa masaka lada bii, mwana naye akutsokomola usiku uliwonse. Kodi n'zogwirizana?"

Zitha kugwirizana ndithu mayi. Chuku chimatulutsa timbewu tating'ono kwambiri touluka ngati fumbi, maso sangatione koma mphuno zimakoka usiku onse mukagona mutatseka chitseko ndi windo. Ena zimawapatsa chimfine chosatha, kuyetsemula, maso kuyabwa, ndipo mwana amene ali ndi mphumu ndiye amavutika zedi, chifuwa chimalira. Amene anadwalapo TB kapena thupi lawo lili ndi chitetezo chochepa asamale koposa chifukwa chuku cha mtundu wa Aspergillus chimatha kukhazikika m'mapapo mwawo. Mwanayo mupite naye ku kiliniki ndipo mukawauze za khomalo, musabise. Za nyumbazo ndiye zanga. Masaka asagunde pansi kapena khoma, yalani mitengo kapena mapulanga pa njerwa, kuseri musiye mpata woti munthu adutse. Windo izitsegulidwa masana, yang'anani lata kapena udzu pamene pakudontha, ndipo zovala zonyowa musamayanike momwemo. Khoma la simenti tsukani ndi sopo kenako Jik wosungunula m'madzi, osamusakaniza ndi mankhwala ena, mawindo ali otsegula. La dothi palani pakudapo mutamanga nsalu kumphuno, liume, muzirenso. Kupaka penti pamwamba madzi akulowabe ndi kutaya ndalama chabe. Ngati chipinda china chilipo ana agone kumeneko.

Abambo ena a ku Chadiza akuti: "Nshawa zabwino tagulitsa, zonyala ndi zakuda zija amayi akusinja zotendera ndiwo. Si zimapsa pamoto?"

Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa bambo, chifukwa izi zikuchitika pafupifupi mudzi uliwonse, zabwino kwa ma venda, zoola kwa ana athu. Chuku chimene chimamera pa nshawa zoterezi chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin. Moto umapha chukucho koma poizoniyo amatsala, kaya mukazinge, muwiritse, mupange chiponde, akadali momwemo. Alibe fungo loti mungamuzindikire, ndipo nthawi zina nshawa yooneka bwino kunja imakhala naye. Koma wambiri amakhala mu zomwe zija mwasankhula, zonyala, zosweka, zobooledwa ndi tizilombo, zosintha mtundu, ndiye mukasinja zokhazokhazo mwasonkhanitsa poizoni wa thumba lonse mu mpoto umodzi.

Poizoniyu amakagunda chiwindi. Akachuluka nthawi imodzi munthu amasanza, m'mimba kupweteka, maso achikasu, miyendo kutupa mpaka kufa. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chawo chomwe chimene anasunga chisanaume. Kuno kwathu ku Zambia mukukumbuka mu Ogasiti 2024, chaka cha chilala chija, nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa ndipo pa masampulo 25 amene anatenga ku makampani ogaya, pafupifupi theka anapezeka ndi aflatoxin wopitirira muyezo. Chilala chimathandizira, mbewu ikavutika ndi dzuwa kumapeto chuku chimalowa mosavuta ikadali kumunda. Koma chimene ndimaopa kwambiri ine ndi chapang'onopang'ono chija, tsiku ndi tsiku mu phala la mwana, palibe amene akugwa pansi ndiye tonse timati zili bwino. Pakapita zaka zimabweretsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi hepatitis B, ndipo ofufuza apeza kuti ana amene amadya poizoniyu kawirikawiri amakonda kupinimbira. Mayi woyamwitsa akadya amadutsanso mu mkaka wa m'mawere. Sindikuti aleke kuyamwitsa iyayi, bere ndi lofunika, chofunika n'chakuti mayiyo adye zosankhidwa bwino.

"Nanga zoolazo tipatse nkhuku ndi nkhumba?" Ili ndafunsidwa ku Katete ndi ku Vubwi komwe. Iyayi. Dziko linamudziwa poizoniyu kudzera ku ziweto zomwezo, mu 1960 ku England nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa zitadya chakudya chopangidwa ndi nshawa zochokera ku Brazil. Nkhuku zimaleka kukula, mazira amachepa, abakha ndiye sapirira n'komwe, ng'ombe ya mkaka imakubwezerani poizoniyo mu kapu ya tiyi. Gaga wa chimanga choola ndi chimodzimodzi, ndipo kuphikira thobwa kapena mowa wa masese sikuchotsa vuto. Kumbani dzenje mukwirire kapena tenthani. Ndikudziwa kuwawa kwake, meda yathunthu kutaya chaka chovuta, koma palibe njira ina imene ndingakuuzeni ndi mtima woyera.

Mnyamata wina wa ku Mtenguleni wagula matumba osalowa mpweya a PICS, akufunsa adziwa bwanji kuti chimanga chauma popeza alibe kamakina koyezera. Wafunsa bwino mphwanga, chifukwa thumba losalowa mpweya limathetsa anankafumbwe koma ukaikamo chosauma chimaonongekera momwemo. A FRA, bungwe la boma logula chimanga, pogula amafuna chinyontho cha 12.5 peresenti, ndiye muyezo wako ukhale omwewo. Tenga botolo la galasi louma bwino, thiramo chimanga chotongola osafika theka, onjeza masupuni awiri kapena atatu a mchere umene wauyanika padzuwa, tseka, khutchumula, usiye kanthawi ngati mphindi 15 ukhutchumulenso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo chimangacho chibwerere padzuwa. Kuluma ndi mano kumathandiza koma kumanamiza nthawi zina. Poyanika yala tenti kapena mphasa, osati pa dothi, chifukwa chukucho kwawo ndi m'nthaka.

Pa nshawa, kaya ndi mtundu wa Chalimbana kaya MGV4 ndi MGV5 za ku malo ofufuzira zaulimi a Msekera, kumbani pa nthawi yake osadikira kuti nthaka iume gwa makoko n'kumasweka ndi khasu. Umitsani pa milu yotchedwa Mandela cock yosiya mpata wa mphepo pakati, kapena mutembenuze makoko ayang'ane kumwamba, musunge ndi makoko ake mpaka tsiku lofuna kugulitsa kapena kudya. Ndipo chonde chizolowezi chowaza madzi pa nshawa kuti ziswedwe mosavuta kapena zilemere pa sikelo chithe, mukudzutsa chuku ndi manja anu, ndipo nshawa zomwezo zikathera mu chiponde chimene mwana wanu akagula pa msika wa Kapata.

Amene mukufuna kuyambira kumunda chaka chamawa, kuli Aflasafe, imene anakonza mabungwe ofufuza zaulimi a IITA ndi ZARI. Ndi mapira okutidwa ndi chuku cha mtundu wosapanga poizoni, chimakalanda malo a choipacho. Mumamwaza ndi manja makilo 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu chimanga chisanatulutse ngayaye kapena nshawa zisanachite maluwa, nthaka ili yonyowa, ndipo mukamwaza musapalirenso kuopa kukwirira. Sikulowa m'malo mwa kuumitsa bwino. Funsani kampu ofisa wa kwanu kapena ma agro dila a mu Chipata msanga, mvula isanayambe, muone ngati ikupezeka.